Mzukwa wa mu Holo ya Brannock

Reno, 9 Juni 1998

Wokondedwa mchimwene wanga Orrin,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Darlene. Kuno tikudzuka ndithu. Mayi m'thupi ali bwino, akudya, koma mutu uja ukunka nuthawa. Dzulo anandifunsa katatu ngati bambo abwerako ku mgodi, chonsecho bambo tinawaika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Ine amandidziwa m'mawa, pofika madzulo ndimakhala ndasanduka nesi.

Koma chimene ndakulembera n'china. Mnzanga amene timachapa naye nsalu kuhotela anapita kwathu ku Tolliver Loweruka, kukaonetsa ana ake holo ya zisudzo ya Brannock. Lolemba anabwera ndi khadi la chithunzi, ati taona mzukwa wa kwanu. Ndinalilandira ndikuseka, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Orrin, pakhadipo pali mayi athu. Avala diresi la nthenga, mwendo umodzi auika pampando. M'munsi mwake alembamo kuti ameneyu ndi Lottie, mkazi wovina wa mu holoyo, amene anadziponya kuchokera pa khonde la m'mwamba mu 1884, ndipo mpaka lero amamveka akulira.

Iwe sungakumbuke, unali ndi zaka zinayi. Munali mu 1959, tawuni yathu ikukwanitsa zaka zana, aliyense atavala zachikale. Kunabwera wojambula wina ndi kamera ya makedzana yojambula pa kachitsulo, n'chifukwa chake chithunzicho chikuoneka chakalekale. Ine ndinaima pambali nditawagwirira jasi. Bambo atachiona anakwiya sabata yathunthu, ati mkazi wa mkulu wa mpingo saonetsa bondo. Mayi anakachibisa m'bokosi la zovala zimene ankasokera anthu a zisudzo, bokosi lomwe lija tinalipereka ku holo chaka chatha powasamutsira kuno.

Ndikudziwa kuti a komiti ya holo onse ndi obwera, sawadziwa mayi. Iwenso ndi maso ako aja ndikhulupirira sunachiyang'anitsitse. Pita kwa Mayi Halvorsen, wapampando wawo, ukawauze kuti alakwitsa, achichotse pakhoma ndipo makhadiwo asiye kugulitsa. Undiyankhe msanga.

Ndine mchemwali wako,
Lorna


Tolliver, 10 Juni 1998

Achemwali,

Moni wochuluka kuchokera kuno kumapiri. Muli bwanji, nanga mayi akupeza bwanji? Papita nthawi osamva za inu, ndiye ndati ndikutsogolereni ndine.

Kuno zinthu zasintha, simungakhulupirire. Paja chitsekereni mgodi ndakhala zaka zisanu ndi zitatu ndikuwerenga agalu odutsa pamsewu. Tsopano ndine woonetsa alendo mu holo ya Brannock. Anandipatsa chipewa chachitali chakuda ndi jasi lofika m'mawondo, Darlene akuti ndikuoneka ngati wogulitsa mabokosi a maliro. Tsiku lililonse 2 koloko masana ndimaima kutsogolo, anthu ali phee, ine n'kumawasimbira za mzukwa wathu. Mabasi akubwera atatu pa tsiku. Sitolo ya a Polglase yatsegulidwanso, ndipo Darlene akugulitsa zitumbuwa za nyama zija mpaka manja kutupa.

Anthu a m'tawuni ndi oseketsa, achemwali. Nkhunda zikalira kudenga, iwo ati mzukwa ukulira. Mayi wina wa ku Sacramento anakomoka atamva fungo la mafuta onunkhira, koma anali mafuta opukutira mipando. Ine sinditsutsa, ntchito yanga ndi kugwedeza mutu mwachisoni.

Chilimwe chino musavutike n'kubwera kuno. Msewu wa m'phiri akuukonza, fumbi lokhalokha, silingawachitire bwino mayi. Ndidzabwera ndine ntchito ikachepa. Muwapsompsone m'malo mwanga.

Mng'ono wanu,
Orrin


Reno, 25 Juni 1998

Orrin,

Moni. Mayi ali monga mwa masiku onse.

Makalata athu anasemphana panjira, ndiye ndinati ndidikire. Ndadikira masabata awiri. Ndaimba foni kanayi, kanayi konse Darlene akuti watuluka kumene. Tolliver ili ndi msewu umodzi, umatuluka kupita kuti?

Kalata yako ndinaiwerenga kachiwiri, ndipo ndinaona uchitsiru wanga. Wasimba za nkhunda, za mafuta, za zitumbuwa, koma nkhope ya mzukwawo sunaitchule. Ndipo kuyambira liti iwe kudera nkhawa mapapo a mayi? Mnzanga uja akuti msewu uli bwinobwino, phula lokhalokha. Ndiye kuti ukudziwa. Tsiku ndi tsiku umaima pansi pa chithunzi cha mayi ako okubala n'kumauza anthu osawadziwa kuti anali mkazi wa amuna onse a mu mgodi, kenako anadzipha. Ukatero umapita kunyumba kukadya.

Ine kuno ndimawasambitsa, ndimawapesa, ndimawauza dzina lawo akaliiwala. Ndimati ndinu Wilma Tregoning, munali telala, munabereka ana awiri. Tsiku lina ndimanena kakhumi. Dzina ndi chinthu chokhacho chimene chawatsalira, ndipo ndikuchigwirizira ndi manja awiri. Iwe uko ukuwapatsa lina.

Sindikupempha. Chichotse.

Lorna


Tolliver, 7 Julayi 1998

Achemwali,

Ndalandira makalata onse awiri. Ndathokoza kumva kuti mayi akudya. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa changa chija.

Inde, ndikudziwa. Tsiku limene Mayi Halvorsen anachitulutsa m'bokosi ndinalipo, ndikupenta zitseko. Anafuula ngati apeza siliva. Anaitana wina wodziwa zakale, iye n'kutsimikiza kuti kachitsulo kotere n'ka zaka za m'ma 1880. Anandifunsa, monga mwana wa pano, ngati ndinamvapo za mkazi ameneyu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Koma achemwali, kanali koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu munthu kundifunsa kanthu n'kudikira yankho langa. Ndinangoti agogo ankasimba za wovina wina dzina lake Lottie. Zina zonse zinangobwera zokha.

Musandiyese chilombo. Holo inali pafupi kugwa, tsopano denga akulikonza. Anthu khumi ndi mmodzi akugwira ntchito chifukwa cha chithunzi chimenechi. Odziwa mayi ali mtsikana pano atsala ndani? Onse ali kumanda kapena anathawa ngati inuyo. Munachoka muli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, simunaone tawuni ikufa nyumba imodziimodzi. Ine ndinatsala.

Ndipo ndinene mosabisa, chikukuwawani si bodza ayi, ndi bondo lija. Mwatengera bambo. Mayi ankafuna kuima pa nsanja ya mu holomo moyo wawo wonse, bambo n'kuwatsekera kuseri ndi singano. Lero anthu amavula zipewa pamaso pawo, ena amasiya maluwa. Akanakhala kuti mutu wawo ukugwira bwenzi akuseka mpaka misozi. Koma sakudziwa n'komwe, ndiye chikuwapweteka n'chiyani?

Tiyeni tidikire nyengo ya alendo ithe, tidzakambirane ngati anthu akuluakulu.

Orrin


Winnemucca, 20 Ogasiti 1998

Lorna mwana wanga,

Uli bwanji ndi akulu anga a Wilma? Ine miyendo yakana, koma pakamwa pali bwino. Pepa ndachedwa kuyankha, magalasi anga anasowa mwezi wathunthu, apezeka m'firiji.

Khadi unanditumizira lija ndaliona. Ndalira, kenako ndatukwana. Taona bwino kumanzere kwake, pali chigongono. Chigongono chimenecho n'changa. Tinajambulitsa tili awiri, ine nditavala diresi lofiira lokongola kuposa la akulu anga, koma agalu amenewa andidula. Ndiye kuti ine sindikwanira ngakhale kukhala mzukwa.

Za Orrin sizikundidabwitsa. Ali mwana anagulitsako anzake miyala yopentedwa, ati ndi siliva. Makalata sangamusunthe ameneyo, ndipo mayi wa komitiyo akayankha kuti katswiri anatsimikiza. Anthu ophunzira sakhulupirira pepala la munthu wochapa nsalu. Uwatenge akulu angawo upite nawo konko. Ukawaimike pambali pa chithunzicho anthu ali odzaza. Kachipsera ka pachibwano kaja, kamene ndinawapweteka ndi lumo tili ana, kakuoneka bwinobwino pakhadipo ndipo pankhope pawo kakadalipo. Tione amene akanene kuti munthu wopuma anafa mu 1884.

Ukapita ukandifunsireko kuti mbali yanga anaiponya kuti.

Mayi ako aang'ono,
Verna


Reno, 3 Sepitembala 1998

Orrin,

Moni. Nyengo ya alendo yako sindiidikira.

Loweruka pa 12 ndikubwera ndi mayi. Tidzafika nthawi ya chionetsero chako ndipo ndidzawaimika pansi pa chithunzi chawo, Mayi Halvorsen akuona. Ndakuuziratu chifukwa ndiwe mchimwene wanga ndipo sindikufuna kukuchititsa manyazi pagulu. Uli ndi masiku asanu ndi anayi. Ukachichotsa wekha, tidzangodya nkhomaliro kwanu n'kubwerera, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Lorna


Tolliver, 14 Sepitembala 1998

Achemwali,

Ndikhulupirira munafika bwino. Munachoka osandiyang'ana, ndiye ndilembe zimene ndinalephera kunena pakhomo paja.

Kalata yanu ya pa 3 ndaitsegula dzulo. Inafika nthawi yabwino, koma nditaona zilembo zanu pa envulopu ndinati ndi mwano wina uwu, n'kuiika pamwamba pa firiji. Ndikulumbira, sindinadziwe kuti mukubwera.

Pamene munkalowa n'kuti nditayamba kale. Magetsi a pa nsanja amathobwa m'maso, munthu suona amene wakhala pamipando. Ndinasimba zonse monga mwa masiku onse, za mnyamata wa mu mgodi amene anamulonjeza ukwati n'kukwera sitima ndi mkazi wina, za Lottie kukwera masitepe atavala diresi lake la nthenga. Ndinangoona mayi wokalamba waimirira, akubwera pang'onopang'ono. Ndinawazindikira atafika kale pachithunzi. Munaona nokha mmene anachisisitira. Anati, "Uyu ndine." Anthu anaomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya sewero.

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanandidziwe, achemwali, anaona chipewa basi. Anati, "Bambo, inu mukuoneka kuti mukudziwa zinthu. Ndiye mukuti ndinafa?"

Inu munali kumbuyo mukulimbana ndi mipando, simunaone zimene ndinkaona ine. Anthu makumi anayi ali chete kudikira, Mayi Halvorsen ali pakhomo. Pakamwa panga pananena zimene pananena kambirimbiri. Ndinati, "Inde mayi, mu 1884." Ndinaganiza kuti pofika pagalimoto akhala ataiwala, paja amaiwala chilichonse. Iwo anangoti zikomo pondiuza, n'kukhala pansi mwaulemu.

Zimene munalalata pambuyo pake sindikukuimbani nazo mlandu. Mayi Halvorsen amva zonse. Akuti komiti ikumana mu Novembala, ndipo pakadali pano chithunzi chikhale pomwepo poti zikwangwani za chikondwerero cha mizukwa anasindikiza kale. Ntchito sanandichotse. Mundiuze mmene mayi alili.

Orrin


Reno, 2 Okutobala 1998

Orrin,

Wafunsa mmene mayi alili, ndiye tamva.

Sanaiwale. Amaiwala kuti adya, amaiwala kumene kuli chimbudzi, anaiwala bambo, koma mawu ako anakhazikika. Titafika kunyumba tsiku lija ndinawaikira supu, iwo n'kukankha mbale mwaulemu, ati anthu akufa sadya. Ndinaseka poyesa kuti pofika mawa zitha. Lero ndi tsiku la makumi awiri.

Amagona chagada manja ali pachifuwa. Ndikawauza kuti ndinu Wilma Tregoning, amandimvera chisoni, ati nesi iwe ndiwe wabwino koma sukudziwa, bambo a chipewa anandiuza. Dzulo anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani abale awo sakubwera kudzawaika, kodi analakwa chiyani. Ndinathawira kubafa kukalira.

Ndayesa zonse. Ndawagwiritsa dzanja pamtima pawo kuti amve kugunda. Abusa abwera, adokotala abwera kawiri. Adokotala akuti matendawa amatero, nthawi zina chinthu chimodzi chimakanirira ndipo sichichoka. Akumwa madzi pang'ono ndikawanyengerera kuti ndi otsukira mkamwa. Diresi la buluu lija likuwakhuthuka. Kuchipatala anayesa kuwaika chubu cha chakudya, koma anachizula tsiku lomwelo.

Mlandu wanga ndikuudziwa, usandikumbutse. Ndine ndinawatengera kumeneko, ndinkafuna kupambana mkangano ndipo ndinawasandutsa umboni. Zimenezo ndidzafa nazo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingathe ine, ungathe ndiwe. Ine sandikhulupirira, abusa sawakhulupirira. Amakhulupirira bambo a chipewa. Bwera ndi chipewa chakocho ndi jasi lomwe, udzaime pafupi ndi bedi lawo, udzanene ndi mawu ako a pa nsanja aja kuti unalakwitsa, mkazi uja sanafe, anamupeza ali moyo ndipo ayenera kudya. Bodza umalitha, dzanene limodzi lothandiza. Ndi ulendo wa maola atatu okha. Za chithunzi ndazisiya, chikhale pakhoma mpaka holoyo idzagwe. Ndikukupempha tsopano, ine amene ndinati sindipempha.

Mchemwali wako,
Lorna


Tolliver, 13 Okutobala 1998

Achemwali,

Kalata yanu yandidwalitsa. Masiku atatu chakudya sichinalowe, Darlene ndi mboni. Chonde muwauze mayi kuti mwana wawo Orrin amawakonda.

Ndibwera, musakayike. Vuto ndi lakuti mwezi uno ndiye mwezi wa mizukwa. Tikuonetsa kanayi pa tsiku mpaka pa 31, ndipo Mayi Halvorsen anenetsa kuti chichitikireni zija akundiyang'anitsitsa, ndikajomba tsiku limodzi apereka chipewa kwa wina. Chipewacho ndi jasi si zanga, amazitsekera mu ofesi tikaweruka. Ndinayesa kubwereka Lamlungu, anandifunsa kuti n'zachiyani, ndipo ndinachita manyazi kunena.

Komanso ndinene zoona, ndikuopa. Nanga ndikadzanena iwo osandikhulupirira? Nanga akadzandifunsa kuti bwanji ndinanama poyamba? Ndikufuna ndikonze bwino mawu ake. Ndayamba kale kulemba, nkhani yake ikutuluka bwino ndithu, Lottie akugwera pa mulu wa makatani.

Mwina mukukulitsa pang'ono chifukwa cha kutopa. Mayi ndi munthu wolimba, paja anadwala chibayo kawiri osagona n'komwe. Yesani mapichesi a m'chitini, amawakonda. Pa 1 Novembala m'mawa ndidzakhala pakhomo panu nditavala zonse. Ndi masabata awiri ndi theka okha.

Mng'ono wanu,
Orrin


Reno, 28 Okutobala 1998

Orrin,

Mayi amwalira dzulo, Lachiwiri, dzuwa litangotuluka. Ndinaimba foni, Darlene anati uli ku holo ukukonzekera, ndiye ndinamuuza kuti asakusokoneze.

Mapichesi ndinayesa. Ndinayesanso china chimene sindinafune kuti udziwe. Ndinakabwereka chipewa chachitali kusitolo ya zovala za masewero, n'kupempha mwamuna wa mnzanga uja kuti avale. Munthu wabwino, anayesetsa ndithu, mpaka anatuluka thukuta. Mayi anamuyang'ana n'kunena kuti si ameneyu, uja anali ndi mawu ngati a mwana wanga. Ndiye usamadzitonthoze kuti anaona chipewa basi. China chake mwa iwo chinakudziwa, ndipo n'chifukwa chake anakhulupirira.

Sanavutike. Lolemba madzulo anandipempha kuti ndiwapese bwino, ati mwina abale abwera lero. Ndinawapesa.

Maliro ali Lachisanu kuno ku Reno. Ku Tolliver sindiwabweretsa, ngakhale malo awo alipo pambali pa bambo, chifukwa sindikufuna mabasi pamanda awo. Mayi aang'ono a Verna afika mawa. Iwe ukabwera, bwera, ukalephera anthu onyamula bokosi ndawapeza kale. Nkhani ya makatani ija usaitaye, mwina a komiti aikonda.

Wosema mwala wa pamanda anabwera masana ndi fomu yake. Dzina ndalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu, Wilma Tregoning, ndi chaka chobadwa, 1930. Nditafika pa chaka chomwalira cholembera chinandikanika. Ndamupatsa adiresi yako kuti afunse iwe, poti chaka chimene mayi anapita nacho unawauza ndiwe.

Lorna